Kachitsulo Kamene Lufeyo Anamva Kakugwa

Panali munthu wina, makaniko, dzina lake Lufeyo, amene ankagwira ntchito pansi pa mitengo kuseri kwa depoti ya minibasi. Pamalopo panalibe denga, panalibe mpanda. Makaniko aliyense anali ndi mtengo wake, bokosi lake la masipanala, ndi dothi lake lakuda bii ndi oilo. Ukamanga bwino, onse ankaona. Ukalakwitsa, onse ankaonanso, ndipo ankakuseka mpaka mvula ina kugwa.

Lufeyo sanali munthu wosekedwa. Injini ya minibasi ankaimasula akucheza, n'kuimanga akuimba mluzu. Madalaivala ankamudikira pamzere, ena mpaka kukangana. Munthu akatamandidwa zaka zambiri chotero amaiwala kuti mawu akuti "sindidziwa" amatuluka bwanji pakamwa.

Anali ndi mkulu wake, Wedisoni, amene anakhalitsa ku Joni n'kubwerako ndi galimoto yaing'ono yachikasu, yogwada ngati ikununkhiza msewu. Galimotoyo inali yokongola ndithu, koma chimene chinkatembenuza anthu khosi chinali kulira kwake. Sinkachita gudugudu ngati zinzake. Ikaima inkang'ung'udza modukizadukiza, ndipo akaiponda inkalira mosalala ngati njuchi zikusamuka. Ana a Wedisoni ankaimva ikadali kutali n'kuthamangira kugeti.

Injini yake inali ya mtundu umene amati rotale, yopanda mapisitoni. Wedisoni ankaisamala yekha, ndipo mng'ono wakeyo akangoyandikira boneti, iye ankamuchotsa dzanja akuseka.

"Iyi si yako, mng'ono wanga. Iwe kazilimbana ndi mapisitoni ako."

Lufeyo ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa.

Kenako Wedisoni anadwala, n'kumwalira. Galimoto ija inali itafooka kale mwini wake asanagone, ndipo inangokhala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Patapita chaka, achibale anapangana tsiku lokavundukula chiliza kumudzi.

Mkazi wa malemuyo, NaChisale, anabwera ku mitengo kuja atanyamula katoni yaing'ono.

"Alamu, ndabwera ndi pempho," anatero. "Tsiku lopita ku chiliza ndikufuna galimoto ya achimwene anu itsogole. Ana ayamba kuiwala mawu a bambo awo. Ngakhale ine, ndikatseka maso, sindikuwamvanso bwino. Koma ija ikalira, tidzawamva."

Anatsegula katoni ija. Munali timapepala tapulasitiki tokhala ndi tizitsulo topyapyala, timasipiling'i, ndi malabala ozungulira.

"Anaitanitsa kunja asanadwale. Ankati akachira aimanga okha. Ndi zomwezi, zina palibe."

Lufeyo anayang'ana tizitsuloto. Palibe kanthu ngakhale kamodzi kamene anakazindikira. Akanatha kunena kuti, alamu, iyi sindinaionepo m'kati, tiyeni tifufuze woidziwa. Koma pansi pa mtengo woyandikana nawo panali Matewere, makaniko mnzake wapakamwa, amene anali atasiya ntchito n'kutchera khutu.

"Injini ndi injini, alamu," anatero Lufeyo. "Bweretsani."

Galimotoyo anaikoka ndi chingwe mpaka pa mtengo wake. Ataitulutsa injini ija anadabwa ndi kuchepa kwake, yoti amuna awiri n'kuinyamula. Atayamba kumasula, thukuta linatuluka. Mwana wa munthu, zimene anapezamo! Munalibe mapisitoni, munalibe mavavu, munalibe chilichonse cha zimene manja ake anazolowera. Injiniyo inali zitsulo zosanjikizana ngati mbale, zomangidwa pamodzi ndi mabawuti aatali. Pakati pake panali zipinda ziwiri zooneka ngati chikoko cha mtedza. M'chipinda chilichonse munali chitsulo cha ngodya zitatu, chooneka ngati samusa wonenepa, chimene chimazungulira m'menemo chikukhula khoma ndi ngodya zakezo.

Pa ngodya iliyonse pamakhala kachitsulo kopyapyala kokankhidwa ndi sipiling'i, ndipo ndi kameneka kamene kamatseka mphamvu kuti isathawe. Kumapeto kwa kachitsuloko kumakhala kachidutswa kena kapadera, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Moyo wonse wa injini ili pa tinthu timeneto. Khoma la chipindacho ndi losalala ngati kalilole, ndipo likangokandika, basi, siliwotchereredwa, silipalidwa. M'dziko muno lina simungalipeze.

Apa Lufeyo anachita mantha, ndipo mantha oyambawa anali abwino. Anamuphunzitsa ulemu. Anasiya kuimba mluzu. Ankakhala ndi foni akuonera anthu akunja akumanga injini yotere, akulankhula chizungu chothamanga, iye n'kumabwereza mpaka maso kuwawa. Anayala thabwa loyera, anasamba m'manja ngati namwino. Anaona kuti tizitsuloto amatimata ndi vaselini kuti tisagwe pomanga, ndiye anakatenga botolo la mkazi wake.

"Taonani a Lufeyo!" anakuwa Matewere. "Ayamba kudzoza injini mafuta a khanda! Mawa aibereka kumbuyo!"

Mitengo yonse inaseka. Lufeyo anangoti mwee, koma makutu ake anatentha.

Tsiku lomanga, anthu anadzaza. Amakaniko anzake, madalaivala, oitanira, ngakhale mayi wogulitsa chinangwa, onse ankafuna kuona injini yopanda mapisitoni ikutsekedwa. Ankasuzumira pamapewa pake, akumupumira m'khosi. Chipinda choyamba chinatheka bwino. Chachiwiri anaika chitsulo cha ngodya zitatu chija, n'kulowetsa tizitsulo tija kamodzikamodzi, masipiling'i akufuna kudumpha, iye akuwapanikiza ndi chala. Kunatsala chivindikiro chomaliza, chitsulo cholemera chotseka zonse.

Matewere anagwira mbali ina, Lufeyo mbali ina. Anatsitsa pang'onopang'ono. Lufeyo anawerama, tsaya lake lili pafupi ndi chitsulo, kuti aone mpata ukutsekeka. Mpata utatsala pang'ono, anamva kanthu.

Ti.

Kanali kaphokoso kochepa zedi, ngati singano yagwera m'mbale. Pa depoti minibasi zinkaimba mahutala, oitanira ankakuwa, wailesi ya munthu wina inkalira. Palibe wina anamva. Koma khutu la Lufeyo linali pomwepo, ndipo linamva.

Chivindikiro chinakhala pamalo pake.

"Yakhala?" anafunsa Matewere.

Tamverani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa. Nthawi imeneyo panalibe bawuti ngakhale imodzi yomangidwa. Kukweza chivindikirocho n'kuyang'ana inali ntchito yochepa kuposa kumwa kapu ya madzi. Lufeyo anakweza maso, n'kuona nkhope zonse zija zikumudikira, ena mano ali kale panja kukonzekera kuseka.

"Yakhala," anatero.

Anthu anaomba m'manja. Iye anatenga mabawuti aatali aja n'kuyamba kumanga, ndipo bawuti iliyonse ankaimva ngati ikumangidwa pachifuwa pake.

Anthu atabalalika, Lufeyo anagwada pansi n'kuyamba kufufuza m'dothi. Ankadziuza kuti mwina kanthuko kagwera panja, mwinanso sikanali ka mu injini n'komwe. Anaphwasula sipika yakale, n'kutenga maginito ake, n'kumawakoka m'fumbi mozungulira thabwa lija. Anatola mawashala, mapini, misomali yadzimbiri, zinyenyeswa za zaka zambiri. Kachidutswa konga njere ya mpunga sikanapezeke. Anazunguza injini ndi dzanja, ikupuma kuti phu, phu, ndipo anatchera khutu mpaka mutu kuwawa. Nthawi ina ankamva ngati kupuma kumodzi n'kofooka. Akazunguzanso ankamva ngati zonse zili bwino.

M'mawa mwake anapita kwa Matewere ngati wongocheza.

"Kodi amwene, kanthu kakang'ono katagwera mu injini pomanga, mungatani?"

"Aaa, inunso! Mwayamba liti kufunsa za ana a sukulu? Chogwera mu injini chimatsikira m'sampu. Mudzachipeza tsiku lotaya oilo chikukudikirani. Kangati tasiya manati m'minibasi izi, n'kumapita ku Mwanza n'kubwera?"

Zimenezo n'zoona kwa injini zimene iwo anakulira nazo. Minibasi imakhululuka. Ili ndi pansi pamene zinyalala zimakagona. Koma Lufeyo anali ataona ndi maso ake kuti chipinda cha rotale chilibe pansi. Chogweramo chilibe kotsikira, chimazungulira limodzi ndi chitsulo chija, chikukankhidwa kukhoma. Ankadziwa. Komabe mawu a Matewere anawatenga n'kuwafungatira, chifukwa munthu wamantha safuna zoona, amafuna womutonthoza.

Anaikweza injini ija n'kuilowetsa m'galimoto. Tsopano kuti aitsegule, ankafunika kuitulutsanso. Analumikiza mapaipi, mawaya, giyabokosi. Tsopano kuti aitsegule, ankafunika kumasula zonsezo pamaso pa mitengo yonse, n'kufotokoza chifukwa chake. Dzulo kunali kukweza chivindikiro, lero yasanduka ntchito ya masiku. Ankati akaganiza zoyamba, mtima n'kumuuza kuti wachedwa kale, ukanachita dzulo. Mawa lake mtima womwewo unkanenanso chimodzimodzi.

Munthu uja anayamba kuwonda anthu akuona. Chakudya ankangochisiya m'mbale. Mkazi wake akagwetsa supuni, iye ankadzidzimuka ngati wamva mfuti. Kaphokoso kaja ankakamva paliponse, m'kapu, m'thumba la makiyi, pa malata dzuwa likatentha. Akafika pa mtengo wake ankayenda mozungulira galimoto yachikasu ija osafuna kuiyang'ana.

Ntchito inatha, koma kiyi sanamukhudze. Anzake akamufunsa kuti bwanji osailiza, ankati batire yafooka. Atabweretsa batire ina, anati pampu ya petulo ikufuna kutsukidwa. Pampu itatsukidwa, anati vaselini uja akufunika akhazikike kaye. Bodza limeneli ngakhale Matewere anamuyang'ana kawiri. Malinga kiyi asanatembenuzidwe, injiniyo inali yamoyo ndi yakufa nthawi imodzi, ndipo Lufeyo ankakonda kukhala pakati pomwepo kusiyana ndi kudziwa.

Kutatsala masiku ochepa, NaChisale anabwera kudzaona. Anaima patali pang'ono, manja ali kumbuyo, akuyang'ana galimotoyo mmene munthu amayang'anira wodwala amene akuchira.

"Zikuyenda, alamu?"

Pamitengo panali zii, ambiri anali atapita kukadya. Mpata unali umenewo. Lufeyo anafuna kunena kuti, alamu, pali kanthu ndinamva. Koma anaona mmene maso a mayiyo ankawalira, koyamba chimwalirire mwamuna wake, ndipo anaopa kuwazimitsa.

"Zikuyenda bwino, alamu. Musadandaule."

"Mulungu akudalitseni. Achimwene anu akanakunyadirani."

Mayiyo atachoka, Lufeyo anakhala pa tayala.

Tsiku la ulendo linafika. M'mamawa lole ya achibale inaima pafupi ndi depoti, yodzaza amalume, azakhali, ndi amayi a mvano atavala zoyera. Galimoto yachikasu inali itatsukidwa mpaka kunyezimira, ndipo ana a malemu anaika nkhata ya maluwa pa boneti. Amakaniko onse anasiya masipanala. Panalibenso batire yonamizira, panalibenso pampu.

NaChisale anamupatsa kiyi ndi manja awiri.

Lufeyo analowa n'kukhala pa mpando wa mkulu wake. Chiwongolero chinali chitasalala pamene manja a Wedisoni ankagwira. Analowetsa kiyi. Mantha awiri anamugwira, ena kuno ena uko. Ena ankati, tuluka, uwauze anthuwa kuti akwere lole, galimoto isalizidwe lero. Ena ankati, taona anthu onsewa, taona amayi avala zoyera, taona Matewere. Mantha oyamba ankanong'ona. Achiwiri anali ndi maso ambiri, ndipo onse anali pa iye.

Anatembenuza kiyi.

Sitata inazungulira, injini inatsokomola, utsi woyera unatuluka kumbuyo. Kenako inagwira. Abale anga, inalira! Kung'ung'udza kuja kodukizadukiza, komwe kuja, ngati mwini wake wangoima pageti. Mtsikana wamkulu wa malemu anakuwa kuti, "Adadi!" NaChisale anakhala pansi m'dothi la oilo lomwelo ndi chitenje chake chatsopano, atagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Amayi anaimba nthungululu. Matewere ankamenya denga la galimoto akukuwa kuti, "Lufeyo ndi dolo! Ndani ngati Lufeyo!"

Ndipo Lufeyo anayamba kupuma. Anati mumtima, kanagwera panja, ndavutika chabe. Chimwemwe chinamukwera kumutu, ndipo pofuna kuti anthu amve kulira kosalala kuja, anaponda moto. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Injini inakweza mawu, n'kukwezanso. Kenako m'kati munamveka kukhuluka, ngati munthu akukoka khasu pa mwala. Galimoto yonse inagwedezeka. Panamveka khoo, n'kuti zii.

Nthungululu zinadukira pakamwa. Lufeyo anatembenuzanso kiyi. Sitata inazungulira mopepuka, mofulumira, ngati ikuzunguza chitini chopanda kanthu. Makaniko aliyense pamenepo anadziwa tanthauzo la kulira kotero, ndipo palibe amene anaseka. Lufeyo akanakonda iwo akanamuseka.

Mmodzi wa amalume anachotsa nkhata ija pa boneti n'kuikweza pa lole. Anthu anapita ku chiliza, ndipo Lufeyo anapita nawo, atakhala kumbuyo kwenikweni.

Atabwerako anaitulutsa injini ija n'kuimasula. Tsopano nthawi anali nayo yambiri, ndipo panalibe womusuzumira. Atakweza chivindikiro chija anapeza zimene khutu lake linamuuza kalekale. Kachidutswa kaja kanali katadumpha pamalo pake n'kugwera m'chipinda, n'kumatirira pa vaselini. Injini itatentha kanamasuka, kanapanikizika pa ngodya, kanaswa tizitsulo tinzake, ndipo zidutswa zonsezo zinalima khoma losalala lija mizere yakuya kuzungulira chipinda chonse.

Ananyamula chitsulo chokandikacho n'kupita nacho kwa mlamu wake. Anamupeza akuyanika zovala. Anachiika pansi, n'kukhala pa khonde.

NaChisale anawerama n'kuyendetsa chala m'mizere ija.

"Singakonzekenso?"

"Singakonzekenso, alamu."

"Ndi tsoka basi. Munayesetsa."

Akanatha kusiyira pomwepo. Mayiyo anali atamutsegulira yekha njira yothawira. Koma Lufeyo anali atatopa.

"Si tsoka, alamu. Ndinamva kanthu kakugwera m'kati."

"Liti?"

"Tsiku lomwe ndinkatseka. Ndisanamange bawuti ngakhale imodzi."

"Ndiye tsiku lija ndinabwera kudzakufunsani, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Chala cha mayiyo chinali chikadali pa chitsulo. Sanakalipe, sanalire. Analankhula motsitsa, ngati akufunsa njira.

"Nanga munkaopa chiyani, alamu? Chiliza ndi mwala, sichikanathawa. Achimwene anu sakupita kulikonse. Mukanangonena kuti dikirani, ife tikanadikira."

Galimoto ija sinalirenso.

Tsono inu mwakhala apa, musamuseke munthu ameneyu. Sanali mbuli, sanali waulesi, ndipo khutu lake linali lakuthwa kuposa la wina aliyense pamitengo paja. Mantha anali nawo okwanira, kungoti anawapereka kolakwika. Anaopa maso a anthu amene akanaseka n'kudzaiwala, m'malo moopa kachitsulo kamene sikadziwa kukhululuka.

Aliyense wa inu ali ndi chimene akumanga. Wina ndi banja, wina ndi ntchito ya anthu, wina ndi mwana. Ndipo alipo pano amene anamva kale kanthu kakugwa, iye yekha, anzake onse akuomba m'manja. Musandiyang'ane ine, ine sindinamve. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Lero chivindikiro chikadali chopepuka, mawa mudzakhala mutamanga mabawuti. Imani, nenani kuti ndamva kanthu, tsegulani muone. Anthu amene mukuopa kuwakhumudwitsawo angathe kudikira. Chimene sangathe ndi kumvanso mawu amene mwawazimitsa.